Magazi Amapangidwa M'mafupa

Mutafunsa anthu pamsika kuti magazi amapangidwira kuti m'thupi, ambiri angagwire pachifuwa n'kunena kuti mumtima. Ena angatchule chiwindi, poti nachonso n'chofiira ndipo chimakha magazi ukachidula. Mtima supanga ngakhale dontho limodzi, ntchito yake n'kupopa basi. Otchula chiwindi sali kutali kwenikweni, ndipo ali ndi mnzawo wotchuka. Galen, sing'anga wa Chigiriki amene ankagwira ntchito ku Rome zaka pafupifupi 1,800 zapitazo, ankaphunzitsa kuti chakudya chikagayika chimapita kuchiwindi, chiwindi n'kuchisandutsa magazi. Madokotala a ku Ulaya anakhulupirira zimenezi kwa zaka zoposa 1,000. Yankho lenileni linadziwika mu 1868, pamene Ernst Neumann ku Königsberg ndi Giulio Bizzozero ku Italy, aliyense payekha, anayang'ana mafuta a m'mafupa pa maikulosikopu n'kupezamo maselo ofiira a magazi amene anali asanakhwime.

Tsiku lina kwanu kukaphedwa mbuzi, mudzayang'anitsitse mafupa ake asanalowe mumphika. Fupa lalitali la mwendo mukaliswa, m'kati mumakhala mafuta oyererako kapena achikasu, aja ena amakonda kuyamwa akamaliza nyama. Tsono mudzadule nthiti kapena fupa la msana ndi chikwanje. M'kati mwake mulibe mphako yaikulu, muli timabowo tambirimbiri todzaza ndi zinthu zofiira, zonyowa. Mafuta achikasu aja ndi osungidwa chabe, koma ofiirawa ndiwo amapanga magazi, m'mbuzi ngakhalenso mwa munthu. Khanda likamabadwa, pafupifupi mafupa ake onse amakhala ndi mafuta ofiira. Likamakula, mafupa a m'miyendo ndi m'manja amasiya ntchitoyi pang'onopang'ono, moti mwa munthu wamkulu imatsalira m'mafupa a m'chiuno, a msana, m'nthiti, m'fupa lapakati pa chifuwa, m'chigaza, ndiponso kumitu ya mafupa a ntchafu ndi a kumtunda kwa mkono. N'chifukwa chake dokotala akafuna kuona ngati m'mafupa mukupangidwa magazi bwino, amabaya singano yolimba kumbuyo kwa chiuno. Ndipo munthu akataya magazi ambiri kwa nthawi yaitali, mafuta ena achikasu aja amatha kufiiranso n'kuyambiranso ntchito imene anaisiya kalekale.

Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Akamatuluka pabala amaoneka ngati madzi ofiira a mtundu umodzi, koma kulabu amaulula zimene ali. Akawathira m'kabotolo n'kuwazungutsa mothamanga pamakina, amagawikana. Pamwamba pamakhala madzi achikasu, owala, otenga magawo pafupifupi 55 pa 100 alionse, ndipo amatchedwa pulazima. Pansi pamadikha zofiira zokhazokha, ndiwo maselo ofiira. Pakati pa ziwirizi pamaoneka kamzere koyererako, kopyapyala kwambiri, ndipo m'kamzere kameneka ndimo muli maselo oyera onse pamodzi ndi mapulateleti, tizidutswa tothandiza magazi kuundana.

Chodabwitsa n'chakuti maselo onsewa, ofiira, oyera ndi mapulateleti, ngakhale amasiyana maonekedwe ndi ntchito, amachokera ku selo la mtundu umodzi. Mlimi wanzeru akakolola sadya zonse, amapatula mbewu ya chaka chamawa. M'mafupa mulinso maselo a mbewu, ochepa zedi, amene akamagawikana ena mwa ana awo amakhalabe mbewu, pomwe ena amapitiriza kugawikana mpaka kusanduka maselo a ntchito. Mwa njira imeneyi mbewu siitha, kuyambira pobadwa kufikira ukalamba. Umboni wake unapezeka ku Toronto mu 1961. James Till ndi Ernest McCulloch anapha mafuta a m'mafupa a mbewa ndi cheza champhamvu, kenako anazibaya maselo a m'mafupa ochokera ku mbewa zathanzi. Patapita masiku ngati 10 anapeza timatotomoka pakapamba wa mbewazo, ndipo m'kati mwake munali maselo a magazi a mitundu yosiyanasiyana. Pambuyo pake anatsimikiza kuti katotomoka kalikonse kanachokera ku selo limodzi lokha. Masiku ano munthu wodwala khansa ya m'magazi amatha kuphedwera mafuta ake a m'mafupa n'kuikidwa a munthu wina, chithandizo chimene chinapezetsa E. Donnall Thomas mphoto ya Nobel mu 1990. Wodwalayo akachira, magazi amene amayenda m'thupi mwake amakhala a gulu la womupatsa uja. Amene anabadwa wa gulu A akhoza kusanduka wa gulu O.

Mwana ali m'mimba, mafupa ake amakhala asanakonzeke, ndiye ntchitoyi imayambira kwina. Maselo oyamba a magazi amaoneka cha m'sabata yachitatu, m'kathumba kolumikizana ndi mluza. Kenako ntchito imasamukira kuchiwindi, kapamba akuthandizira, ndipo miyezi yomalizira ya pakati m'pamene mafupa amailandira. Choncho Galen sanaphonye zonse: aliyense wa ife anakhalapo ndi magazi opangidwa ndi chiwindi, koma asanabadwe.

Moyo wa selo lofiira

Pa sekondi iliyonse mafupa anu amatulutsa maselo ofiira oposa 2 miliyoni, usana ndi usiku, muli maso kapena muli m'tulo. Chiwerengerochi n'chovuta kuchimvetsa, koma chili ndi chifukwa chake. Thupi lili ndi maselo ofiira pafupifupi 25 thiliyoni, ochuluka kuposa maselo a mtundu wina uliwonse, ndipo lililonse limakhala masiku ngati 120 okha. Magazi amene muli nawo lero sali amene munali nawo chaka chatha.

Selo lofiira limatenga pafupifupi sabata kuti lipangidwe. Limayamba lili lalikulu, kenako limachepa uku likudzidzaza ndi himogulobini, puloteni yofiira yonyamula mpweya wa okosijeni. Likadzaza, limachita chinthu chimene maselo ena ambiri sachita: limalavula phata lake, lija losunga malangizo a chibadwa. Limatsala lopyapyala pakati, lokhuthala m'mbali, lofewa moti limatha kupindika kuti lidutse m'timitsempha tocheperapo kuposa ilo. Nkhuku, nsomba ndi abuluzi maselo awo ofiira amasunga phata lawo, koma anthu ndi nyama zoyamwitsa ayi. Selo lopanda phata silingaberekane ndipo silingadzikonze likawonongeka, m'pake moyo wake uli waufupi. Selo limodzi limanyamula mamolekyu a himogulobini pafupifupi 270 miliyoni, ndipo iliyonse ili ndi timaatomu 4 ta ayironi togwira okosijeni m'mapapo n'kukamusiya kuminofu. Ulendo wochoka kumtima, kuzungulira thupi n'kubwerera umatenga pafupifupi mphindi imodzi.

Mafupa sadziwa okha kuti apange maselo angati. Amauzidwa ndi impso, chiwalo chimene ambiri timachidziwa ndi ntchito yosefa mkodzo yokha. M'impso muli maselo amene amamva okosijeni akachepa m'magazi, ndipo akamva amatulutsa homoni yotchedwa erythropoietin, mwachidule EPO, imene imapita m'mafupa kukafulumizitsa ntchito. Okosijeni akakwanira, impso zimachepetsa uthengawo. Mmene maselo amamvera kuchepa kwa okosijeni anazifotokoza William Kaelin, Peter Ratcliffe ndi Gregg Semenza, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2019. Munthu wa ku Nsanje atapita kukakhala pamwamba pa Nyika, masiku oyamba angamachite wefuwefu pokwera kamtunda, koma pakatha masabata angapo maselo ake ofiira amakhala atachuluka. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene othamanga a m'mayiko ambiri amapitira ku Iten, ku Kenya, malo okwera mamita pafupifupi 2,400, kukakonzekera mipikisano. Komanso n'chifukwa chake odwala impso amakhala ndi magazi ochepa ngakhale akudya bwino. Mafupa awo alibe vuto, koma palibe wowatuma.

Selo likakalamba limauma, ndipo likamadutsa mukapamba limalephera kupanikizika m'timipata take tating'ono. Pomwepo maselo ena aakulu amalimeza n'kuliphwasula. Thupi silitaya ayironi wa m'selolo, limamubweza m'mafupa kuti akagwirenso ntchito. Thupi lonse lili ndi ayironi wokwana magalamu 3 kapena 4 basi, ndipo wochuluka ali m'magazi. Pa mamiligalamu 20 kapena 25 amene mafupa amafuna tsiku lililonse, 1 kapena 2 okha ndi amene amachokera m'chakudya, ena onse ndi obwezeredwa. Chotsala cha mtundu wofiira uja chimasanduka chachikasu, chiwindi n'kuchitayira mundulu. Chimenechi n'chomwe chimapatsa mkodzo ndi chimbudzi mtundu wake, ndipo n'chomwe chimachititsa kuti pamene mwadzigunda pakhale podera, kenako pobiriwira, kenako pachikasu. Maselo akamafa ambiri nthawi imodzi, kapena chiwindi chikadwala, mtunduwu umadzadza m'magazi ndipo maso amachita chikasu.

Popeza ayironi amazungulira m'thupi momwemo, amene amamutaya kwambiri ndi amene akutaya magazi: mayi kapena mtsikana wosamba mwezi ndi mwezi, mwana wa njoka zam'mimba zoyamwa magazi m'matumbo, msodzi wa likodzo amene akukodza magazi. Enanso ndi amene thupi lawo likufuna magazi ambiri mwadzidzidzi. Mayi woyembekezera magazi ake amawonjezeka pafupifupi ndi theka, ndiye mapiritsi a ayironi ndi foliki asidi amene amaperekedwa kusikelo si ongosangalatsira. Amadetsa chimbudzi, ena amawachititsa nseru, koma kuwataya pansi pa mphasa n'kudzimana magazi amene adzafunike tsiku lochira. Nalonso khanda limapindula mzamba akadikira mphindi imodzi mpaka zitatu asanamange mchombo, chifukwa magazi otsalira m'nsengwa amalowa mwa mwana n'kumupatsa ayironi womusunga miyezi yoyambirira.

Pa nkhani ya chakudya pali chikhulupiriro chimene ndikufuna tichikambe poyera. Wodwala akauzidwa kuti magazi achepa, abale amathamangira zakumwa zofiira, kaya zam'botolo kaya madzi a masamba owiritsa amene afiira. Kufiira kwa chakumwa sikulowa m'mitsempha, ndipo mafupa safuna mtundu. Amafuna ayironi, mapuloteni, foliki asidi ndi vitamini B12. Ayironi wolowa m'thupi mosavuta ali m'chiwindi, m'nyama ndi m'nsomba, makamaka tinsomba todyedwa tathunthu monga usipa ndi matemba. Wa m'nyemba, nandolo, bonongwe, chisoso ndi nkhwani amalowa movutirapo, koma amathandizika mukadyera pamodzi ndi zinthu za vitamini C monga malambe, magwafa, malalanje kapena tomato. Tiyi womwera pachakudya amatsekereza ayironi, ndi bwino kumumwa nthawi ina. Masamba ophikitsa mpaka kusungunuka, kapena othira soda, amataya mavitamini ake ambiri. Vitamini B12 amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha, monga nsomba, mazira ndi mkaka, ndipo akasowa mafupa amatulutsa maselo aakuluakulu koma ochepa ndi osalimba.

Oyera, mapulateleti ndi pulazima

Maselo oyera ndi ochepa poyerekeza ndi ofiira, limodzi pa mazana angapo, ndipo kwa iwo magazi ndi njira chabe yopitira kumene kwabuka vuto. Ochuluka mwa iwo ndi otchedwa neutrophil, amene mafupa amawapanga pafupifupi 100 biliyoni patsiku. Amakhala m'magazi maola owerengeka, kenako amaboola khoma la mtsempha n'kulowa pamene pali mabakiteriya kukawameza. Mafinya a pachithupsa ndi mitembo yawo. Ena ndi otchedwa lymphocyte, amene amakumbukira tizilombo timene thupi linakumanapo nato, ndipo katemera amagwira ntchito podalira kukumbukira kumeneku. Gulu lina la maselowa limabadwira m'mafupa koma limakakhwimira m'kachiwalo kotchedwa thymus, kuseri kwa fupa la pachifuwa. M'gulu limeneli ndimo muli maselo a CD4, amene kachilombo ka HIV kamawononga. Mwanabere amene amatupa m'mphechepeche mukakhala ndi bala kuphazi ndi malo amene maselowa asonkhana n'kuchulukana.

Mapulateleti si maselo athunthu. M'mafupa muli maselo akuluakulu kwambiri amene amatsamira pakhoma la mtsempha n'kulowetsamo timanja tawo tatitali, ndipo magazi akamadutsa amatithyola kukhala tizidutswa. Selo limodzi limatulutsa tizidutswa masauzande, tokhala masiku 8 mpaka 10. Mukadzicheka ndi mpeni, mapulateleti amamatirira pabalapo n'kuitana anzawo, kenako mapuloteni a m'pulazima amaluka ulusi wokola maselo ofiira, nkhanambo n'kupangika.

Pulazima yekha sachokera m'mafupa. Magawo oposa 90 pa 100 ake ndi madzi, omwe mumamwawa, ndipo impso ndizo zimaonetsetsa kuti asachuluke kapena kuchepa. Mapuloteni ake ambiri amapangidwa ndi chiwindi. Ina mwa iwo, yotchedwa albumin, imagwira madzi kuti asatuluke m'mitsempha, ndipo ikachepa miyendo ndi mimba zimatupa, monga zimachitikira munthu wodwala chiwindi. Ena ndi aja oundanitsa magazi, amene chiwindi sichingawapange bwino popanda vitamini K. Makanda amabadwa ndi vitamini ameneyu wochepa, n'chifukwa chake m'zipatala amawabaya jakisoni wake akangobadwa.

Magazi akachepa

Namwino akalandira mwana wofooka, asanatenge n'komwe magazi, amatambasula kadzanja kake n'kuyang'ana m'chikhatho, amatsitsa chikope cham'munsi ndi chala, amayang'ana lilime. Pamene payenera kufiira pakakhala mbuu, amadziwa kale. Mwanayo amapuma mofulumira ndipo kamtima kake kamathamanga, poyesa kuyendetsa mwachangu maselo ochepa amene atsala. Kulabu amayeza himogulobini, imene achipatala amangoti Hb. Kwa mwana wamng'ono ndi mayi woyembekezera siyenera kutsika pansi pa 11, kwa mayi wosayembekezera 12, kwa bambo 13. Mwana akafika pa 4, moyo wake uli pangozi.

Kuchepa kwa magazi si matenda amodzi. Kumangosonyeza kuti maselo akuwonongeka kapena kutayika mofulumira kuposa mmene mafupa akuwapangira, kapena kuti mafupawo afooka. Kwathu kuno malungo amachita zonse ziwiri. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kamalowa m'selo lofiira, kamadya himogulobini, kamaberekana, ndipo pakatha maola ngati 48 selo limaphulika, ana ake n'kulowa m'maselo ena. Kapamba, pogwira ntchito mopitirira muyeso, amatupa n'kumawononganso maselo ambiri amene analibe kachilombo, pamene matendawo akufooketsanso mafupa. Mwana wodwala malungo kangapo dzinja limodzi sapeza mpata wobwezeretsa. Matenda a sickle cell, otengera kwa makolo onse awiri, amapinda maselo ofiira n'kuwaumitsa, moti amangokhala masiku 10 mpaka 20 m'malo mwa 120. Mu 1954 Anthony Allison, atafufuza kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti amene watengera chibadwa chimenechi kwa kholo limodzi lokha amatetezekako ku malungo oopsa, n'chifukwa chake n'chofala m'madera a malungo.

Mu 2008 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika pa ana ochepa magazi kwambiri pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre ndi pa chipatala cha boma cha Chikwawa. Ambiri akanayembekezera kuti gwero lalikulu likhala kusowa kwa ayironi, koma sizinali choncho. Zimene zinaonekera kwambiri zinali mabakiteriya m'magazi, malungo, njoka zam'mimba, HIV, vuto lina lachibadwa la maselo ofiira lotchedwa G6PD, ndiponso kusowa kwa vitamini A ndi B12. Ine ndimaona kuti kholo lililonse liyenera kudziwa zimenezi. Mwana wotuwa m'manja asamangomugulira mankhwala owonjezera magazi pagolosale, apite naye kuchipatala akapeze chimene chikudya magaziwo.

Hb ikatsikitsitsa, mafupa sangathe kuthamanga mokwanira, poti selo limodzi limafuna sabata. Pamenepo chotsala n'kumuika wodwalayo magazi a munthu wina, ndipo kufikira lero zipatala zonse padziko lapansi zimadalira magazi opangidwa m'mafupa a anthu. Kuika magazi kunayamba kukhala kodalirika Karl Landsteiner atatulukira magulu a magazi ku Vienna mu 1901, ndipo tsiku lake lobadwa, 14 Juni, ndilo dziko lonse limakumbukira opereka magazi. Ku Malawi ntchito yotolera ndi kuyeza magazi imatsogoleredwa ndi bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene linakhazikitsidwa mu 2003.

Ambiri amaopa kupereka poganiza kuti magazi awo atha, ngati kuti munthu anapatsidwa muyeso umodzi wa moyo wonse. Wopereka amachotsedwa pafupifupi mamililita 450, osakwana gawo limodzi pa 10 la magazi ake. Madzi ake amabwerera pa tsiku limodzi kapena awiri akamamwa bwino. Impso zimamva kuchepako n'kutumiza EPO, ndipo pakatha masabata 4 mpaka 6 maselo ofiira amakhala atabwerera. Ayironi ndiye amachedwerapo, n'chifukwa chake amauza munthu kuti padutse miyezi ingapo asanaperekenso. Thumba limodzi limatha kugawidwa patatu, maselo ofiira, pulazima ndi mapulateleti, chilichonse n'kupita kwa wodwala wake. Koma maselo amapitirizabe kukalamba ngakhale ali m'thumba. Ofiira amasungika m'firiji masabata 5 kapena 6, pomwe mapulateleti amangokhala masiku ngati 5 okha, kotero magazi sangaunjikidwe nthawi ya zochuluka kuti adzagwire ntchito chaka chamawa. Ambiri mwa opereka magazi m'Malawi ndi ophunzira a m'masekondale ndi m'makoleji, ndipo sukulu zikatsekera tchuthi cha Khirisimasi nkhokwe zimaphwa, pa nthawi yomwe mvula yayamba ndipo mawodi a ana akudzaza ndi odwala malungo.